Mbale Zomanidwa Mpweya

Mchenga unkalira m'mbale, kwee, kwee, kwee, ndipo Lusia anaumva asanatuluke n'komwe m'nyumba. Atazungulira kuseri anapeza a Safia, mayi ake omupeza, atagwada pamphasa, mpango woyera wa umasiye uli kumutu, akukwecha mbale yadothi ndi mchenga wosakaniza phulusa. Pambali pawo panali mulu wa mbale zokwecha kale, zofiira ngati njerwa. Madzi a m'beseni anali bii.

"Amayi, mbale zimenezo ndi za ababa!"

"N'chifukwa chake ndikuzitsuka," anayankha a Safia osatukula mutu. "Munthu akapita, zinthu zake zimatsukidwa. Ukufuna anthu azinena kuti mkazi wa Avelino anasiya ziwiya za mwamuna wake zili ndi mwaye? Zoyerazo sindinazikhudze, zili bwinobwino. Koma zakudazi, a-a, ngati za munthu wopanda mkazi."

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda a Avelino. Anthu obwera ku sadaka anali atabalalika, mphasa zitapindidwa. Pabwalo panangotsala mapazi pafumbi ndi fungo lochokera pathandala la bango pamene a Safia ankayanika nsomba zawo za malonda. Che Latif, mlongo wawo wa a Safia, anali pampando pansi pa mtengo wa mango, kope lakuda lili pamiyendo. Lusia analizindikira. Linali kope la bambo ake.

"Bwera kuno, iwe," anatero Che Latif. "Ine Chipwitikizi sindiwerenga, koma maso ndili nawo. Ichi n'chiyani?"

Anatsegula kopelo. Tsamba lililonse linali ndi mizere ya manambala, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunali kansomba kojambulidwa ndi pensulo, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Nsomba. Nsomba. Inanso iyi. Munthu wa sukulu amajambula nsomba m'buku n'kulibisa pansi pa chitini? Chigonereni bambo ako m'chipatala, nsomba za chemwali wangayu zikuda mbali imodzi. Kumsika anthu akungozinunkhiza n'kumapita. Mankhwala akasowa mwini wake amalusa, sudziwa?"

"Adokotala anati chinali chibayo, amalume."

"Adokotala analowamo m'kanyumbamo?" Che Latif analoza kanyumba ka malata akale kamene kanali kuseri kwa thandala. "Tamvera. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, a shehe akangomaliza pemphero la duwa, kanyumbako ndikugwetsa, ndipo zonse zili m'menemo zikalowa mu Shire. Iweyo, nkhondo kwanu inatha chaka chatha. Malole akunyamula anzako sabata iliyonse. Ukalembetse dzina. Malo ano ndi a mbumba yanga. Sitingasungepo mankhwala, ngakhalenso mwana wa mwini mankhwala."

Lusia anacheukira a Safia. Anali atakhala nawo zaka zinayi, akumuluka tsitsi, akumukalipira, akumubisira mutu wa chambo. Koma a Safia anangoweramira ntchito yawo. Mchenga unapitiriza kulira m'mbale yomaliza.

Kwanu. Liwulo linamutsatira Lusia mpaka m'kanyumba muja. Kwawo ku Lichinga anachokako ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo chimene ankakumbukira bwino ndi tsiku lothawa. Bambo ake, amene anali mphunzitsi wa sayansi, anasiya mabulangete n'kunyamula chitini chomwe anabwera nacho kuchokera ku maphunziro ku Jeremani. Mayi ake omubereka anawanyoza njira yonse mpaka ku Katuli: anzathu anyamula chimanga, inu mwanyamula ufa wosadyeka. Kumalire kuja madzi a m'zitsime zokumba ndi manja anatenga mayi akewo pamodzi ndi mlongo wake Carlos m'sabata imodzi. Nkhuni zowiritsira madzi kunalibe. Chimene chinalipo chambiri, chaulere, chinali dzuwa. Lusia ankakumbukira bambo ake ataima pamanda awiri aja, akuyang'ana kumwamba nthawi yaitali ngati munthu amene akufuna kufunsa mtengo wa chinthu.

Chitinicho chinali pomwepo patebulo, chitatsala ndi ufa wosakwana chikhatho. Pa chivundikiro panalembedwa liwu limene bambo ake ankalitchula mwaulemu ngati dzina la mlendo: perovisikita. Atasamukira ku boma la Mangochi n'kupeza ntchito yothandiza kulabu ya chipatala cha othawa nkhondo, a Avelino anayamba kuupera ufawo pamwala. Ankaupera masiku, n'kuuthira m'madzi, n'kudikira. Wokhazikika pansi ankaubwezera pamwala. Ankatenga wokhawo woyandama mpaka tsiku lachitatu, wosalala ngati utsi, umene diso silingaone njere yake. Umenewo ndiwo ankamata m'kati mwa mbale zadothi.

Kamodzi kokha anamuonetsa chinsinsi chawo. Lusia akuchokera kusukulu, anamukodola n'kumupatsa matambula awiri. Ina inali ndi madzi a buluu, othiridwa utoto umene a kulabu amapaka pa magazi poyeza malungo. Inayo inali mbee.

"M'mawa onsewa anali ofanana, mwanangu," ananong'ona. "Awa ndawatsuka ndi dzuwa. Ukaona utoto ukuthawa, dziwa kuti tsiku lina tizilombo natonso tidzathawa. Koma usauze munthu. Sizinathe."

Maso awo tsiku limenelo ankawala ngati a munthu amene waona mwezi watsopano anzake asanauone. Koma mbale imene anagwiritsa ntchito Lusia sanaione.

Che Latif anali ataliponya kope patebulo. Lusia analitsegula. Chipwitikizi chake chinali chitachita dzimbiri, koma zithunzi ankazimva. Panali timabokosi tojambulidwa mosamala, tokhala ndi timadontho m'ngodya ndi m'mbali. M'timabokosi tina kadontho kamodzi kankasowa, ndipo malo opanda kanthuwo anali ozunguliridwa ndi inki yofiira. Pambali pake panali liwu limodzi limene Lusia ankalikumbukira: defeito. Chilema. Mwana wa mphunzitsi amadziwa tanthauzo la inki yofiira. Ndiye kuti mbale zakuda zija zinali zolakwika, anaganiza motero, ndipo a Safia sanawononge kanthu. Zenizeni ndi zoyerazi, zosalala, zopanda banga.

Tsiku lachisanu, dzuwa litangokwera pamwamba pa mapiri a ku Namwera, Lusia anatenga mbale yoyera kuposa zonse. Anadontheza utoto m'jagi la madzi mpaka anafanana ndi amene anawaona m'tambula ija, nawathira m'mbalemo. Anaika mbaleyo pangodya ya thandala, pamene mabango anali ndi chizindikiro chozungulira cha mbale za bambo ake.

"Muone, amalume. Pofika masana madziwa ayera. Si mankhwala, ndi dzuwa."

Che Latif anakoka mpando n'kukhala. Dzuwa linakwera, linafika paliwombo, linapendeka. Kumzikiti kunamveka azana yoitanira anthu ku mapemphero a masana, zuhuri, kenako ya chakumadzulo, alasiri. Madzi aja anangochepako mphamvu pang'ono, ngati nsalu yochapidwa kamodzi, koma anali a buluu ndithu.

"Kaya mwina dzuwa la ku Malawi silimva Chipwitikizi," anatero Che Latif akudzuka n'kukutumula fumbi pa kanzu. "Kwatsala masiku awiri."

Lusia anakhala pansi pa thandala, nkhope ili m'manja. Anamva mapazi. A Safia anaima pambali pake, akuyang'ana madzi a buluu aja.

"Ine za mankhwala sindizikhulupirira," anatero motsitsa mawu. "Bambo ako ankaopa ngakhale kupha nkhuku. Chimene chandimanga pakamwa n'china." Anakonza mpango wawo. "Lachinayi lililonse ankadzuka m'mamawa, kuwoloka mlatho, mbale zili m'thumba. Ndinamufunsa, anangoti ndinalumbira kuti sindinena. Anzanga kumsika ndi amene anandiuza. Kutsidya kuli mkazi, wamasiye, woumba mbiya. Dzina lake Abiba. Pa maliro anabwera, anaima patali ngati mbala. Ndimutchinjirize bwanji mwamuna amene anandibisa zaka ziwiri? Ine ndili pa eda, chibindikiro cha umasiye, sindituluka pampanda pano. Ngati ukufuna kudziwa bambo ako, ukafunse mkazi wa Lachinayi."

M'mawa mwake Lusia anawoloka mlatho wa Shire. Njira yonse ankamuumba mkaziyo m'maganizo: wamtali, wa ndolo zagolide, wonunkhira mafuta a ku Zanzibar. Atafunsira kawiri anafika pa nyumba yaudzu yozunguliridwa ndi mbiya zoyanikidwa, napeza mayi wamfupi, wa imvi, wa mikono yolimba ngati ya mpalasi wa bwato, akuponda mtapo ndi mapazi.

"Ndiwe Lusia," anatero mayiyo asanalonjeredwe. "Mphumi imeneyo ndi ya mphunzitsi. Khala apo. Ndimadziwa kuti wina abwera, kaya ndi mpeni kaya ndi funso."

"Ababa ankadzatani kuno, Che Abiba?"

"Ankadzandichititsa manyazi." Che Abiba anapukuta mapazi ndi udzu, nayang'ana uku ndi uku ngati pali womvetsera. "Iwe sudziwa mwambo wa ntchito yathu. Pamene tikuwotcha mbiya mwamuna safikapo. Akafikapo, amati mbiya zimasweka, ndipo anzanga akanamva akanandiletsa kukumba mtapo kudambo. Ndiye ndinamulumbiritsa: mphunzitsi, ukauza munthu, ngakhale mkazi wako, moto wanga suuonanso. Munthu uja anasunga lumbiro mpaka m'manda. Ine ndi amene ndinamutseka pakamwa."

Lusia anamva ngati wina wamuchotsa mtolo wa nkhuni pamutu.

"Nanga manyaziwo?"

"Mwana iwe, ine ndaumba zaka makumi atatu. Mbiya yanga imatuluka pamoto ili psuu, ukaigogoda imalira ngati belu. Woumba aliyense amadziwa kuti moto umafuna mpweya. Ndiye kubwera bambo ako ndi mbale zake zoyera bwino, akuti, Che Abiba, tiziike mumphika pamodzi ndi makala, titseke pakamwa ndi dothi, zipse zikubanika. Ndinati, mphunzitsi, zituluka zakuda ngati zamaliro. Akuti eya, ndikufuna zilema."

"Ankafuna zilema?"

"Ankazisaka ngati munthu wosaka ana a nkhuku! Anandijambulira pansi apa ndi kamtengo. Akuti m'kanjere kalikonse ka ufa uja muli tinthu totchedwa maatomu, tondandana m'mizere ngati njerwa za nyumba, popanda posowa. Ufa ukakhala wathunthu choncho umakhala woyera, ndipo dzuwa limangoupatsa moni n'kudutsa. Koma moto ukamanidwa mpweya umalusa ndi njala, umayamba kuba mpweya umene uli m'kati mwa ufawo. Pamene wabapo pamatsala mpata. M'mipata imeneyo ndi mmene kuwala kumakodwa, ndipo mphamvu yake ndi imene imaphwanya litsiro la m'madzi. Ine ndinati sindikumva. Iye akuti, Che Abiba, mono wopanda khomo ungagwire nsomba?"

Lusia anaona m'maganizo mwake timabokosi tija ndi malo ozunguliridwa ndi inki yofiira. Bambo ake sankachonga zolakwa. Ankazungulira chuma.

Kenaka anakumbukira mchenga uja ukulira, ndi madzi akuda a m'beseni.

"Amayi anazikwecha zonse," anatero Lusia. "Zakuda zonse. Ankayesa mwaye."

Che Abiba anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mkazi waukhondo! Ngakhale ine ndikanakwecha. Usalire, zambiri mwa zimenezo zinali zakufa kale. Zina tinazibanikitsa kwambiri, zinada ngati khala, ndipo bambo ako ankati mono wobowoka paliponse nawonso sugwira kanthu. Zaka ziwiri takhala tikusaka muyeso wake. Makala ochuluka bwanji, moto wautali bwanji. Kamodzi tinaupeza mwangozi, mbaleyo n'kusweka sabata yomweyo." Anatsitsa mawu. "Tabwera."

Kuseri kwa nyumba, pansi pa mulu wa udzu, panali mphika waukulu wakuda ndi utsi. Pakamwa pake panali pomatidwa ndi dothi louma, ndipo padothipo panali chidindo cha chala chachikulu cha munthu.

"Chala cha bambo ako. Uwu ndi moto wathu womaliza. Anati Lachinayi likubwerali tidzatsegulire limodzi, ndikuona ngati ulendo uno tapeza. Lachinayi limenelo anali kale m'chipatala. Ine sindinaukhudze. Chili m'katimo sindikuchidziwa. Mwina chuma, mwina makala."

"Mawa akugwetsa kanyumba, ndipo ine akundikweza lole," anatero Lusia. "Mukabwera nawo mphikawu anthu adziwa kuti mwamuna ankafika pamoto panu."

Che Abiba anayang'ana mbiya zawo zoyanikidwa pabwalo, imodzi ndi imodzi, nthawi yaitali.

"Pita," anatero. "Ndiganize."

Tsiku lachisanu ndi chiwiri a shehe anamaliza duwa m'mawa dzuwa lisanatenthe. Anthu anadya, anatsanzika. Che Latif anavula kanzu, naipachika pa nthambi ya mango, natenga chitsulo chozulira misomali. Lusia anaima pakhomo la kanyumba, maso ali ku msewu. Kunkadutsa anthu a njinga, amayi a madengu, mbuzi. Che Latif analowetsa chitsulo pansi pa lata loyamba, msomali unalira.

"Odi kuno!"

Che Abiba analowa pachipata, mphika wakuda uli pamutu, thukuta likutsika m'khosi. Anautula pakati pa bwalo mosamala ngati mwana wodwala. A Safia anatuluka m'nyumba. Akazi awiriwo anayang'anana.

"Ndinu mkazi wa Lachinayi?" anafunsa a Safia, akuyang'ana imvi zija ndi mapazi a mtapo.

"Ndine, mayi. Pepani ndi maliro, pepaninso ndi zaka ziwiri. Amuna anu kwathu ankadzafuna moto basi. Ine ndi amene ndinawaletsa kunena." Ndipo anafotokoza zonse, za mwambo, za lumbiro, za makala, ataima pomwepo, mokweza, ngakhale anthu oyandikana nawo anali atayamba kusuzumira pampanda.

"Nthano," anatero Che Latif. "Mphika womata pakamwa, wa munthu wakufa, mukuti tiutsegule pakhomo pano?"

"Achimwene, tsitsani chitsulocho." Aka kanali koyamba a Safia kukweza mawu chichitikireni maliro. "Ndikufuna ndione chimene chinkandilanda mwamuna Lachinayi lililonse. Shire sathawa."

Che Latif anaguguda kukhosi. "Mpaka alasiri. Azana ikangomveka, ndikuyamba."

Lusia anagwada. Sanafune kuswa chidindo cha chala chija, choncho anadula dothi mozungulira ndi mpeni n'kuchichotsa chathunthu. M'mphikamo munatuluka fungo la utsi wakale. Anafukula makala ndi manja, nakhudza mkombero wa mbale. Yoyamba inatuluka yosweka pakati. Yachiwiri inali yathunthu. Ataipemerera phulusa, onse anaweramira. Sinali yoyera, sinalinso yakuda. Inali yotuwa mopita ku buluu, ngati nthenga za pakhosi pa nkhunda, ndipo Lusia akaipendeketsa mtunduwo unkaoneka ngati uli pansi penipeni, kutali, m'kati mwa dothi.

"Mtundu umenewu," ananong'ona Che Abiba. "Ndi womwe uja wa mbale inasweka ija."

Lusia anaika mbale zitatu pangodya ya thandala monga kope linkasonyezera: yokwechedwa ndi a Safia, yoyera, ndi yotuwayo. Anathira madzi a buluu a m'jagi limodzi, muyeso umodzi. Kenaka anatsegula kope patsamba lopanda kanthu.

"Amalume, ndibwerekeni wotchi. Ababa ankalemba ola lililonse."

"Uone zimenezo! Wotchi yanga igwire ntchito ya mankhwala?" Koma anaivula, ndipo sanaipereke. Anakoka mpando n'kuigwira okha. "Ndizikuuza ine. Mungandibere nthawi."

Ola loyamba silinasinthe kanthu. Che Latif anayamba kuimba kanyimbo ka m'mphuno. Ola lachiwiri Che Abiba anati akuona ngati yotuwayo yapepuka, Che Latif nati maso a woumba mbiya anatha ndi utsi. Kuti pasakhale mkangano, Lusia anatapa madzi a mbale iliyonse ndi tambula n'kuwaonetsa kudzuwa, kenaka n'kuwabwezera. Ola lachitatu panalibenso wotsutsa. Madzi a mbale yokwechedwa anali monga analili. A mbale yoyera anali atachepako pang'ono. Koma a mbale yotuwa anali ngati thambo la m'mawa.

Anthu osuzumira pampanda aja anali atalowa. Panalibe moto, panalibe sefa, panalibe dzanja lovundula. Mbale inangokhala phee pamabango, dzuwa lili pamwamba pake, ndipo utoto unkachoka ngati munthu wotuluka m'chipinda mosafuna kudzutsa ogona. Lusia ankayang'ana madziwo mpaka maso kuwawa, akuganiza za timipata tosaoneka tija, miyandamiyanda, tonse titayasama kumwamba. Azana ya zuhuri inamveka. Che Latif anapita kukaswali n'kubwerera akuthamanga, kanzu ili m'manja.

Pa ola lachisanu Lusia anatapanso madzi a mbale yotuwa n'kukweza tambula. Kudzera m'madziwo anaona mtengo wa mango, denga la kanyumba, ndi nkhope ya a Safia, zonse zili mbee.

"Subuhanallah," anatero Che Latif. Analandira tambulayo ndi manja awiri. Anaipendeketsa, anainunkhiza, anayang'ana pansi pa thandala ngati utoto wadonthera kumeneko. "Wapita kuti? Iwe, utotowo wapita kuti?"

"Dzuwa lauphwanya, amalume."

"Dzuwa lomweli? Limene limatiwotcha tsiku ndi tsikuli?" Anayang'ana kumwamba atatchinga maso ndi dzanja, ngati akuliona koyamba. Kenaka anayandikitsa tambula kukamwa.

"Musamwe!" Lusia anatsegula tsamba lomaliza limene bambo ake analemba, nawerenga pang'onopang'ono, akutembenuza liwu ndi liwu. "Akuti, utoto ukuchoka, koma za tizilombo sindinayeze. Munthu asamwe osawiritsa mpaka nditatsimikiza. Ndataya kale anthu awiri."

Che Latif anaika tambula pansi mofatsa. Anayang'ana chitsulo chawo chimene chinali chikadali pansi pa lata, koma ukulu sugonja tsiku limodzi. Anatambasula dzanja n'kuloza m'kope.

"Chabwino, za madzi ndaona. Nanga tinsombati? Nanga nsomba za chemwali wanga zimene zikuda?"

Lusia anayang'ananso tinsomba tija m'kope. Koma Che Abiba, amene anali atatsamira thandala, anatola nsomba imodzi. Inamatirira ku bango, ndipo kunsi kwake kunali konyowa, kwakuda.

"Zilekerenji kuda? Amazitembenuza ndani?"

"Thandala langa silifuna zimenezo," anatero a Safia. "Ndimayanika m'mawa, ndimapita kumsika, pobwera ndimapeza zauma mbali zonse. Mphepo ya mu Shire imadutsa bwino pano. Anzanga onse amadziwa kuti ndi thandala lamwayi."

"Lamwayi!" Che Abiba anawomba m'manja. "Mayi, amuna anu kwathu sankakhala n'pansi pomwe. Che Abiba, fulumirani, dzuwa lakwera, nsomba za akazi anga zipsa mbali imodzi. Ndinkawaseka kuti mphunzitsi wathunthu kuthamangira tinsomba ta kambuzi. Iwo akuti, ndinabwereka ngodya ya thandala lawo, ndiye ndikamayang'ana mbale zanga ndimatembenuzako, asadziwe, angandithamangitse kuti ndikununkhitsa nsomba ndi sayansi."

A Safia anatenga kope m'manja mwa Lusia. Kuwerenga sankadziwa, koma anayendetsa chala pamzere woyamba mpaka pa kansomba, pa wachiwiri mpaka pa kansomba. Anatsegula tsamba lina, ndi linanso, kubwerera m'mbuyo miyezi ndi miyezi. Ntchito ya kulabu a Avelino ankayamba masana. M'mawa monse, pamene mkazi wawo anali kumsika ndipo mwana ali kusukulu, ankakhala pano. Ola lililonse ankayang'ana madzi, ankalemba, ankatembenuza nsomba, n'kujambula kansomba kuti asaiwale.

Azana ya alasiri inamveka kuchokera kumzikiti wa kumsika. Che Latif anapita pa kanyumba, nasolola chitsulo chawo, nakhomerera msomali uja ndi chigwiriro chake.

"Lata ili likudontha," anatero osayang'ana munthu. "Mvula isanabwere lifunika kusintha." Anavala kanzu n'kutuluka.

A Safia anatseka kope n'kulibwezera kwa Lusia.

"Ku ofesi ya malole usapiteko," anatero. "Ufa watsala m'chitinimo ukufuna munthu wodziwa Chipwitikizi. Che Abiba, musachoke musanamwe tiyi. Akakuletsani mtapo kudambo kwanu, kuseri kuno dothi lilipo."

Anapita kumapeto kwa thandala, napinda manja a malaya. Anatola nsomba yoyamba, naimatula ku bango pang'onopang'ono kuti isathyoke, naigoneka mbali inayo. Kenaka yachiwiri. Atafika pangodya anakankhira nsomba zawo kumbali, kukulitsa malo a mbale zija ndi chikhatho chimodzi.

Lusia analemba nthawi ndi mtundu wa madzi pamzere wake womaliza. Anayang'ana a Safia akutembenuza nsomba, misozi ikugwera pamabango, ndipo kumapeto kwa mzerewo anajambula kansomba.